Bering'i ndi Labala: Mbiri ya Amisiri a Pagombe la Nkhotakota

Makina ochapira zovala akayamba kutha sabisa. Poyamba pamamveka kaphokoso kapansipansi pa nthawi yofinya, ndipo mwini nyumba amangokanyalanyaza poti zovala zikutulukabe zoyera. Ikapita miyezi ingapo makina aja amayamba kulira ngati chigayo, pashati yoyera n'kumaoneka timadontho ta dzimbiri. Mmisiri wa ku Nkhotakota akaitanidwa zitafika apa sachedwa kudziwa pagona vuto. Amatsekula chitseko, n'kugwira mlomo wa mgolo wam'kati, n'kuyesa kuunyamula. Ukagwedera, amazungulira kuseri, n'kumasula chivundikiro, n'kusuzumira pansi pa pule. Akaona mzere wofiirira ukutsika kuchokera pakati pa mgolo, nkhani yatha: labala wotchinga madzi waperepeseka, madzi a sopo alowa m'mabering'i n'kukokolola girizi, ndipo timipira tachitsulo tam'katimo tayamba kudya njira yomwe timayendamo.

Makina otere si ambiri m'bomali. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko lonse la Malawi nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zomwe zinkaunikira magetsi, ndipo makina ochapira safuna magetsi okha, amafunanso madzi a m'mipope othamanga bwino. N'chifukwa chake amapezeka m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, m'zipatala, m'nyumba zina za apantchito paboma ndi ku Dwangwa, komanso m'mabanja omwe m'bale wawo anawatumizira akale kuchokera ku Joni. Woonera patali angaganize kuti kukonza makinawa ndi luso lachilendo lobwera dzulodzuloli. Koma tizipangizo tiwiri timene timathato, bering'i ndi labala wake, anthu a pagombeli anayamba kalekale kulimbana nato. Kwa zaka zoposa 100 amisiri a kuno akhala akuyankha funso limodzi lomweli m'sitima, m'mainjini a maboti ndi m'mijigo: chitsulo chiyende bwanji pafupi ndi madzi, madziwo osalowa pomwe sakufunika?

Kuchapa kunakula pamodzi ndi nsalu. Makolo a Achewa a m'derali ankavala zikopa ndi chiwondo, makungwa a mombo opunthidwa mpaka kufewa, ndipo chovala chotere chikatha ankangopita kuthengo kukasenda china. Nsalu zinayamba kuchuluka pamene Salim bin Abdallah, Mswahili yemwe anadzakhala Jumbe woyamba, anakhazikika pagombeli cha m'ma 1840. Amalonda a nthawi imeneyo ankabwera ndi merikani, nsalu yoyera yolimba ya m'mafakitale a ku America, ndi kaniki, nsalu yoderapo ya ku India. Nsaluzo ndi zimene zinali ndalama, ndipo zomwe ankagula nazo siziyenera kubisidwa: minyanga ya njovu ndi anthu, amene ankawolotsedwa nyanja ali omangidwa, n'kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa.

Nsalu ikafika pathupi imafuna madzi. Amayi ankachapa, monga ambiri akuchitirabe lero, panyanja, m'mitsinje monga Kaombe, komanso pa akasupe a madzi otentha a ku Mawira, kumene litsiro limachoka popanda kutha nkhuni. Kuviika, kufikisa, kupuntha pamwala, kutsukuluza, kufinya ndi manja, kuyanika paudzu: theka la tsiku limatha msana uli chiweramire, miyendo ili m'madzi omwe m'malo ena muli nkhono za likodzo kapena ng'ona. Amene anafinyapo bulangete lonyowa sangadabwe kuti banja likapeza ndalama ndi magetsi limayamba kulakalaka makina.

Zombo za Jumbe ndi zimene zinayamba kuphunzitsa anthu a kuno kutchinga madzi. Bwato losema ndi mtengo umodzi, lilibe msoko. Chombo cha matanga ndi matabwa ambiri olumikizana, ndipo mpata uliwonse pakati pawo ndi khomo la madzi. David Livingstone atafika padoko la Kota Kota, Nkhotakota ya lero, mu Seputembala 1863 anapeza amalonda achiarabu ali mkati mokhoma chombo chatsopano. Luso la kugombe la kum'mawa kwa Africa, kumene zombo zotere zinachokera, linali lokhomerera thonje lonyikidwa m'mafuta m'mipata ya matabwa. Okhoma maboti a matabwa a masiku ano akuchitabe zofanana ndi zimenezi, ena ndi nsanza ndi phula.

Koma thabwa silizungulira. Mutu weniweni unadzayamba kupweteka ndi sitima za nthunzi. Ilala yoyamba, ya mishoni ya Livingstonia, inalowa m'nyanjayi mu Okutobala 1875. A mishoni ya UMCA anabweretsa yawo, Charles Janson, patapita zaka 10, ndipo mu 1894 anatsekula mishoni ku Kota Kota. Bishopu wawo Chauncy Maples anamira panyanja mu 1895, manda ake ali ku Nkhotakota konkuno, ndipo sitima yotchedwa dzina lake, yopangidwa ku Glasgow n'kubwera zidutswazidutswa, inayamba kuyenda mu 1901. Sitima yotere imabooledwa mwadala kumbuyo, pansi pa madzi, kuti shafiti yochokera ku injini idutse ikazungulitse pulopela. Bowo limenelo liyenera kulola chitsulo kuzungulira tsiku lonse koma osalola nyanja kulowa. Njira ya nthawi imeneyo inali yokulunga chingwe chopakidwa mafuta kuzungulira shafiti, n'kuchipanikiza ndi chitsulo cha mabauti. Pamenepa panafunika dzanja lodziwa. Akamanga kwambiri, chingwe chinkatentha n'kudya shafiti. Akalekerera, madzi ankadzaza pansi pa sitima. Wosamalira injini wabwino ankasiya kuti pazidontha pang'onopang'ono, poti dontholo ndi lomwe linkaziziritsa malowo. Pogonera shafiti, sitima zambiri za m'zaka zimenezo zinkaikapo timatabwa ta mtengo wolimba kwambiri wa lignum vitae, nzeru yomwe John Penn wa ku England anabwera nayo mu 1854.

Anyamata a m'mbali mwa nyanja ndi amene ankasonkhezera moto, kuthira mafuta ndi kumanga mabauti m'sitimazi. A UMCA anali ndi malo okonzera sitima ku Malindi, ndipo pambuyo pake ntchito yotere inakhazikika ku Monkey Bay, kwawo kwa Ilala yachiwiri, imene inayamba maulendo ake mu 1951 n'kumaima ku Nkhotakota. Luso la sipanala linafika m'midzi ya kunyanja pa njira ya pamadzi misewu yabwino isanabwere.

Bering'i wa timipira anafika pa njinga. Jules Suriray wa ku Paris analembetsa nzeru yoika timipira tachitsulo m'gudumu la njinga mu 1869, ndipo mu 1907 Sven Wingqvist anayambitsa kampani ya SKF mumzinda wa Gothenburg ku Sweden, dzina limene amisiri amaliwerengabe pamabokosi a mabering'i. Kuno njinga zinachuluka ndi amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia, amene Raleigh kapena Humber inali umboni woti ulendo sunapite pachabe. Njinga ikalowa m'mudzi, pasanapite nthawi pansi pa mtengo wa mango pankapezeka munthu woikonza. Ntchitoyi ikuoneka yaing'ono, koma ndi imene yaphunzitsa anyamata ambiri zinthu zimene buku silingaphunzitse: kumva ndi zala ngati gudumu lamangidwa mopitirira kapena likugwedera, kutsuka timipira m'palafini n'kutiyang'ana kamodzikamodzi ngati tayamba zipsera, ndi kudziwa kuti mchenga ukasakanikirana ndi girizi umapala chitsulo. Pagombe pomwe mchenga uli paliponse, phunziro lomalizali silichedwa kulowa m'mutu. Lero akabaza a pa Dwangwa, pa Mkaika ndi pa Benga akusungabe amisiri amenewa pantchito.

Chigayo chinawonjezera liwiro. Kaya chikugaya chimanga kaya makaka a kondowole, shafiti yake imagona pa mabering'i awiri, ndipo woyendetsa chigayo wodziwa ntchito amawagwira ndi chikhatho kuti amve ngati akutentha. Kenaka panabwera injini za maboti. Asodzi a chilimira, opita usiku ndi nyali kukakola usipa, amadziwa choopsa cha ulusi wa nayiloni wozengezeka kuseri kwa pulopela. Ulusiwo umalowa pang'onopang'ono mpaka kucheka labala wa pashafiti, madzi a m'nyanja n'kusakanikirana ndi mafuta a m'magiya. Mmisiri akamasula bauti ya pansi n'kuona mafuta akutuluka otuwa m'malo mwa ofiirira, amadziwa kuti akachedwa mabering'i ndi magiya omwe apita. Nthenda imeneyi ndi yomweyo ya makina ochapira, yangosintha malo.

Labala wamtunduwu ali ndi mbiri yakeyake. Anamupanga Walther Simmer mu 1929 pakampani ya Freudenberg ku Weinheim m'dziko la Germany. Kampaniyo inali yofufuta zikopa, ndipo zotchingira zoyambazo zinali zachikopa. Wa masiku ano ndi mkombero wachitsulo wokutidwa ndi labala, wokhala ndi mlomo wopyapyala umene kasipuling'i kozungulira kamaukanikiza pa shafiti. Mlomo umenewo ndi wochepa kwambiri, koma ndi wokhawo umene umalekanitsa madzi ndi mabering'i.

Komabe chimene chinafikitsa mawu akuti bering'i pakamwa pa amayi a kumudzi ndi mjigo, ndipo apa Malawi ali ndi mbiri yoti anyadire nayo. Mijigo yakale inali yolemera, ya mapaipi achitsulo. Ikafa, mudzi unkadikira gulu la boma kuti libwere ndi galimoto ndi zida zokokera mapaipi, ndipo kudikirako kunkatha miyezi, anthu atabwerera kale kudambo ndi kunyanja. Mayiko atagwirizana kuti zaka za 1981 mpaka 1990 zikhale zolimbikitsa madzi abwino ndi ukhondo, akatswiri ogwira ntchito ku Malawi anayamba mu 1981 kupanga mjigo wa maganizo ena, woti anthu a pamudzi azitha kuukonza okha. Unayamba kupangidwa mu 1982 pa dzina loti Maldev, ndipo unayesedwa m'madera monga chigwa cha Livulezi ku Ntcheu. Chimodzi mwa zovuta pa mjigowo chinali mabering'i a timipira a pachogwirira. Yankho linali lolimba mtima: kuwachotseratu, n'kuikapo apulasitiki. Mjigo woyamba wa mabering'i apulasitiki unaikidwa ku Kenya kumapeto kwa 1982, ndipo dzina linasintha kukhala Afridev. Umenewu ndiwo mjigo umene lero uli m'midzi ya kwa Malengachanzi, kwa Kanyenda, kwa Mwadzama ndi kwa Mwansambo, monganso m'dziko lonse.

Nzeru ya Afridev ndi yovomereza kuti chinthu choyenda chidzatha basi, choncho chothacho chikhale chaching'ono, chotsika mtengo, ndiponso chosavuta kufikira. Pachogwirira pali mabering'i anayi apulasitiki, ongolowetsa ndi zala. Pansi pa chitsime pali labala wotchedwa U-seal, amene amakweza madzi, ndi timalabala tina ta mavavu. Zonsezi zimatuluka pongokoka ndodo zake m'kati mwa paipi, mapaipiwo osazulidwa. Chida chachikulu ndi sipanala imodzi ndi kambedza kokolera vavu ya pansi. Anthu a m'komiti ya pamjigo, ambiri mwa iwo amayi, anaphunzitsidwa kumva matenda a mjigo wawo. Chogwirira chikayamba kugwedera cham'mbali, mabering'i atha. Ukapopa kwa nthawi yaitali madzi n'kumatuluka ochepa, U-seal waperepeseka. Ukafika m'mawa n'kupopa kambirimbiri madzi asanatuluke, vavu ya pansi ikudontha usiku. Zikakula amaitana mekaniki wa m'dera, amene amayenda pa njinga mjigo ndi mjigo.

Si kuti zonse zimayenda bwino. Pali midzi kumene ndalama za pamwezi sizisonkhedwa, mabering'i n'kutha mpaka chitsulo kumakhulana ndi chitsulo chinzake, ndipo chimene chikanakonzedwa ndi ndalama zochepa chimadzafuna mutu wonse wa mjigo. Koma maganizo amene anabala mjigowu anali olemekeza munthu wougwiritsa ntchito. Anamuona ngati mwini chinthu, woyenera kuchitsekula.

Makina ochapira anachokera kwina, ndi maganizo ena. A magetsi anayamba kugulitsidwa ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo odziwika kwambiri anali otchedwa Thor a kampani ya Hurley ya ku Chicago. Mu 1937 kampani ya Bendix inatulutsa makina a chitseko chapatsogolo ochapa, kutsukuluza ndi kufinya okha. Ankagwedezeka kwambiri moti ankachita kuwamangirira pansi ndi mabauti. A masiku ano mgolo wawo umalendewera pa masipuling'i, pansi pali zoletsa kugwedezeka, ndipo amaumangirira miyala ya simenti kuti ulemere. Koma chimene chimazunza mabering'i sichinasinthe. Mgolo wam'kati umagona chammbali ndipo umagwiridwa mbali imodzi yokha, kumbuyo, ndi chitsulo cha miyendo itatu cholumikizika ku shafiti. Kutsogolo kulibe chougwira, poti ndi kumene kuli chitseko. Katundu yense amasenzedwa ndi mabering'i awiri oyandikana. Pofinya, mgolowo umazungulira maulendo 1,000 mpaka 1,400 pa mphindi imodzi. Pa maulendo 1,200, mu mgolo wa masentimita 50 m'mimba mwake, chovala chonyowa cha kilogalamu imodzi chimakankha khoma la mgolo ndi mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu pafupifupi 400. Zovala zikamwazikana bwino, mphamvuzo zimalimbana zokhazokha n'kuthetsana. Zikaunjikana mbali imodzi, monga limachitira bulangete limodzi lalikulu, nkhonya zonse zimagwera mabering'i.

Pagombe la Nkhotakota pali zina zofulumizitsa imfayi. Matawulo ndi zovala zochokera kumchenga zimalowa m'makina zisanakutumulidwe, mchenga n'kukafika pamlomo wa labala. Sopo waufa wochapira pamanja, amene ndiye amapezeka m'magolosale ambiri, amachita thovu lambiri kuposa amene anapangidwira makina a mtunduwu. Ndipo nyumba imene ili ndi makina kawirikawiri imachapiranso abale, mgolo n'kumadzazidwa mpaka chitseko kukanika kutseka.

Kusintha mabering'iwo ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo gawo lalikulu la tsikulo limathera pongofuna kuwafikira. Mmisiri amazula pulagi, amatseka madzi, amakhetsa otsalira kudzera pasefa ya pansi. Amachotsa chivundikiro chapamwamba, chakumbuyo ndi chakutsogolo, labala wamkulu wa pachitseko, miyala ya simenti, lamba, mota, chotenthetsera madzi ndi mapaipi onse. Anyamata a masiku ano amajambula mawaya pafoni asanawazule, ndipo amachita bwino. Akamasula zoletsa kugwedezeka n'kukolola masipuling'i, mgolo wakunja umatuluka wonse, anthu awiri atanyamulizana. Kenaka amamasula pule, n'kumasula mabauti ozungulira msoko, mgolowo n'kugawika pakati. Shafiti imatuluka poimenya, koma nyundo siyenera kuikhudza: pakati pamaikidwa chipika cha mtengo, apo ayi mazinga a bauti amaphwanyika. Labala wakale amatukulidwa ndi sikuludiraiva, mabering'i n'kugogodwa mozungulira, pang'ono uku pang'ono uko, kuti asatuluke chopendekeka n'kuwononga chisa chawo.

Apa m'pamene mmisiri weniweni amasiyana ndi wongofuna ndalama. Asanatsekule bokosi la mabering'i atsopano amayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba ndi malo a pashafiti pamene mlomo wa labala umakhudza. Pakakhala ngalande yodyeka kapena zipsera za dzimbiri, labala watsopano sadzatha miyezi ingapo asanayambe kudontha. Chachiwiri ndi chitsulo cha miyendo itatu chija. Chimapangidwa ndi aluminiyamu, ndipo sopo wotsalira amachidya kwa zaka mpaka kuyamba kufumbutuka kapena kung'aluka. Chikakhala chong'aluka, mabering'i atsopano ndi kutaya ndalama, ndipo mmisiri wachilungamo amauza mwini makina pomwepo.

Zonse zikakhala bwino, amatsuka chisa, n'kulowetsa bering'i watsopano pomenya mkombero wakunja wokha. Ambiri amagoneka bering'i wakale pamwamba pa watsopano n'kumagogoda wakaleyo. Kumenya mkombero wam'kati kumasiya timabowo m'njira ya timipira, ndipo makina amayambiranso kulira asanathe n'komwe mwezi. Labala amalowa pomaliza, mbali ya kasipuling'i itayang'ana kumadzi, mlomo wake utapakidwa girizi wosasungunuka m'madzi. Pamsoko wa mgolo pamafunikanso labala watsopano. Akabwezeretsa zonse amayendetsa makina opanda zovala, maso ali pansi kuona ngati pakudontha.

Mabering'i okha savuta kwenikweni kupeza, chifukwa dziko lonse lapansi linagwirizana pa manambala ake. Makina ochapira ambiri amagwiritsa ntchito 6204, 6205, 6206, 6305 kapena 6306, omwenso amapezeka m'mamota, m'mapampu ndi m'makina ena ambiri. Manambala awiri omalizawo ukawachulukitsa ka 5 amakupatsa kukula kwa bowo lapakati: 6205 ndi mamilimita 25, 6206 ndi mamilimita 30. Zilembo za ZZ zikutanthauza kuti m'mbali mwake ndi motsekedwa ndi chitsulo, 2RS ndi labala. Chovuta ndi chakuti pamsika pali mabering'i achinyengo ovala mabokosi a makampani odziwika, ndipo pa ntchito yomwe imafuna tsiku lonse kuti ufike pamalopo, kutsika mtengo kotere kumabwezera munthu m'mbuyo.

Chodetsa nkhawa chachikulu chabwera m'zaka zaposachedwapa. Makampani ambiri anasiya kulumikiza mbali ziwiri za mgolo wakunja ndi mabauti, m'malo mwake amawotcherera pulasitikiyo kukhala chinthu chimodzi. Kufakitale n'kotchipa ndiponso n'kofulumira. Koma labala wa ndalama zochepa akatha, njira yovomerezeka ndi kugula mgolo wonse, umene mtengo wake nthawi zambiri umayandikira wa makina atsopano. Ku Ulaya anthu anadandaula mpaka bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo, logwira ntchito kuyambira pa 1 Malichi 2021, loti opanga makina ochapira azisunga zipangizo zosinthira kwa zaka zosachepera 10, kuphatikizapo mgolo, chitsulo cha miyendo itatu, mabering'i ndi malabala. Komabe lamulolo limalola kuti mgolo ndi mabering'i ake zigulitsidwe pamodzi, choncho silinathetse kuwotcherera, ndipo mphamvu yake sifika ku Malawi. Poyerekeza ndi mjigo umene unayambira ku Malawi mu 1981, uku ndi kubwerera m'mbuyo. Opanga Afridev anayamba ndi kufunsa kuti adzaukonze ndani, ali kuti, ali ndi zida zanji. Mgolo wowotcherera unapangidwira dziko limene makina akale amatengedwa pakhomo, atsopano n'kufika mawa lake, ndipo banja la ku Dwangwa limene linasunga ndalama kwa zaka kuti ligule makina silili m'dziko limenelo.

Amisiri sanagonje. Monga amachitira anzawo m'mayiko ambiri, amadula mgolo wowotchererawo ndi sowo motsata msoko, mosamala kuti asakhudze mgolo wam'kati. Asanadule amaboola timabowo kuzungulira msoko wonse. Akasintha mabering'i amapaka silikoni pamsokopo, n'kumanga ndi timabauti tambirimbiri, n'kudikira kuti paume asanathire madzi. Si ntchito imene wopanga makinawo angaivomereze, ndipo nthawi zina pamadontha n'kufunika kubwereza, koma ikagwiridwa ndi dzanja lodekha makina amachapanso kwa zaka. Amene anaonapo wokhoma maboti akutseka mipata ya matabwa sangaione ngati yachilendo.

Chimene chimachedwetsa ntchito kawirikawiri ndi labala uja. Mosiyana ndi mabering'i, mtundu uliwonse wa makina uli ndi wakewake, ndipo kukula kwake kumalembedwa pamsana pake ndi manambala monga 37 x 66 x 9.5, kutanthauza bowo lapakati, m'mimba mwake monse ndi kuchindikala kwake. Kusiyana kwa milimita imodzi n'kokwanira kuti madzi adutse. Labala wa galimoto wofanana kukula angalowe, koma anapangidwira mafuta, ndipo m'madzi otentha a sopo sakhalitsa. U-seal wa mjigo munthu angamupeze m'masitolo ena a pamisika ikuluikulu ya m'bomali. Wa makina ochapira amafuna ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Salima, mmisiri atakulunga wakaleyo m'pepala kuti akayerekeze, kapena amatumiza chithunzi chake pa WhatsApp kwa wogulitsa. Akasowa kumeneko amaitanitsa ku Blantyre kapena kwa m'bale wa ku Johannesburg kuti abwere pa basi. Pa masabata amenewo makina amakhala ali chimasulire pakhonde, mabauti ali m'chitini, ndipo zovala za pakhomopo zimabwerera m'beseni, kapena zimapita kunyanja pamutu pa mayi wogwira ganyu yochapa.